Nsalu yobiriwira pa guwa: ikutanthauza chiyani, ndipo tigule yotani?

Mayi wa ku Kamwendo: Akuluakulu, ndithandizeni. Amayi a tchalitchi chathu kuno ku Mchinji tasonkha ndalama zogulira nsalu yobiriwira ya pa guwa. Kodi mtundu umenewu umatanthauza chiyani, umayalidwa liti, nanga tigule yotani kuti isasuluke msanga?

Katekisiti Wopuma: Mayi, wobiriwira ndi mtundu wa Nyengo ya pa Chaka, masabata 33 kapena 34, ndipo umaimira chiyembekezo. Nyengoyi ili pawiri: kuyambira pambuyo pa Ubatizo wa Ambuye mu Januwale mpaka Lachiwiri loti mawa ndi Lachitatu la Phulusa, kenako kuyambira Lolemba la pambuyo pa Pentekoste mpaka Adiventi. Koma musangoisiya pamenepo miyezi yonseyi. Pa Utatu Woyera, pa 15 Ogasiti (Kutengedwa kwa Maria Kumwamba), pa 1 Novembala (Oyera Onse) ndi pa Khristu Mfumu pamafunika yoyera. Pa Petulo ndi Paulo, 29 Juni, yofiira. Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: pamwamba pa guwa pamayalidwa yoyera nthawi zonse. Yobiriwirayo ndi yolendewera kutsogolo kwa guwa ndi pa gome lowerengera Mawu, kuti igwirizane ndi chovala cha ansembe.

Mlimi wa ku Santhe: Abambo akatekisiti anena zoona, koma chiyembekezo chimenechi mlimi ndiye amachimva m'mimba. Munda umabiriwira kwambiri Januwale ndi Febuluwale, pomwe nkhokwe zili mbee, ana akungoyang'ana chimanga chikumasula ngayaye. Kubiriwira si kukhuta ayi, ndi lonjezo chabe. Tsamba la chimanga likakhala lobiriwira moderako mtima umakhala pansi. Likayamba chikasu kuyambira masamba a m'munsi, mwadziwa kuti nayitirojeni wachepa, mbereketso wachedwa. Ngakhale fodya wathu wa bale kuno ku Kasungu, akauma mothamanga m'chigafa n'kutsala ndi ubiriwiri, kumsika amagwa giredi. Nchifukwa chake mtunduwu umayenera masabata wamba aja, a kupalira ndi kudikira. Pa mbendera yathu ya 1964 nawonso umaimira zomera za dziko lino.

Telala wa pa Boma: Za kugulazo, amayi, chenjerani ndi mawu. Ena amati "kubiriwira" ponena buluu, ndiye m'sitolo nenani kuti girini, kapena nyamulani tsamba la mango lokhwima mukayerekeze. Yezani kutsogolo kwa guwa, m'litali ndi msinkhu, muwonjezere masentimita 10 mbali iliyonse opindira. Guwa la mamita 2 limafuna mamita 2.2, ndipo mita ina ndi ya gome la Mawu. Zonse zidulidwe pa mpukutu umodzi, chifukwa mipukutu iwiri sifanana ndendende ngakhale wogulitsa alumbire.

Sankhani ya poliyesitala yokhuthala. Ya thonje imasuluka ndi kukwinyika msanga. Isakhale ndi maluwa, komanso musaikepo mizere yofiira ndi yakuda, anthu angaiyese nsalu ya chipani. Pochapa, madzi ozizira, osathira Jik, ndipo muyanike pamthunzi mutaitembenuza. Kawirikawiri utoto wa girini ndi wosakaniza wachikasu ndi wabuluu, ndiye dzuwa likadya wachikasuwo nsalu imatsala yotuwa, yopita ku buluu. Phula la kandulo likadontherapo musakande ndi mpeni: lisiyeni liume, ikani pepala loyera pamwamba, musite ndi ayironi yofunda pang'ono, pepalalo limwa phulalo.