Xylene akuchita mbuu pa processor, ma block akufewa, vuto ndi chani?

Nachisale_Jozi
Moni nonse a ku lab muli kuno ku Joni. Ine ndili pa histology (kokonzera tissue kuti ikaonedwe pa microscope) pa lab ina ya private, funso langa likupita kwa inu mwakhalitsa pa bench. Masiku ano ma block athu (tissue yoikidwa mu wax) akumatuluka ofewa pakati makamaka zamafuta ngati breast, pa microtome (machine yodulira ma block) ribbon ya ma section siikugwirana ndipo ukangoika pa water bath section ikumwazika yonse. Xylene (mankhwala ochotsa alcohol mu tissue wax asanalowe) woyamba mu processor, machine yodutsitsa tissue mu ma reagent, akuoneka ngati wina wadonthezamo mkaka. Ma reagent timasintha Lolemba lililonse ngati kale, chasintha nchoti ntchito yachuluka, ma biopsy a gastro (tizidutswa ta m'mimba ndi m'matumbo) ambirimbiri. Ndi machine kapena chani?

Malume_Histo
Achemwali mbuu mukuonawo ndi madzi basi, xylene ndi madzi sizigwirizana. Basket ikamachoka mu reagent ina kupita ina siipita yowuma, tissue, ma cassette (timabokosi toikamo tissue) ngakhale makoma a retort (chipinda cha processor momwe mumakhala basket) zimatenga pang'ono za m'mbuyo. Madzi a mu formalin (mankhwala osungira tissue) amalowa mu alcohol wa 70%, kenako 95%, pang'onopang'ono mpaka absolute (alcohol wopanda madzi) womaliza uja sakhalanso absolute, ndiye madzi akafika pa xylene wax sangalowe mkati mwa tissue. Nkhani ya Lolembayo ndiyo ine sindigwirizana nayo. Reagent satha ndi kalendala, amatha ndi ma cassette amene adutsamo, ntchito ikachuluka tsiku losinthira lizibwera msanga. Ndipo musamataye onse nthawi imodzi, tayani absolute woyamba, wachiwiri abwere malo oyamba, watsopano akhale kumapeto. Xylene ndi wax chimodzimodzi. Ma machine ngati Tissue-Tek VIP 6 kapena Peloris amatha kukuwerengerani okha, bola munthu azilowetsa nambala yoona ya ma cassette osati yongoganizira poti akuthamangira taxi ya ku Bree.

Chisale_MT
Mwati ma gastro achuluka eti? Mukuika pa ma sponji a buluu aja? Ngati ndi choncho musafunenso patali. Siponji imamwa formalin yambiri kuposa kachidutswa ka biopsy komweko, ndiye cassette iliyonse ili ndi awiri, pansi ndi pamwamba, tangoganizani basket yodzadza. Ife tinasiya, timagwiritsa lens paper kapena ma cassette a mesh. Ngati abwana akukakamira ma sponji chifukwa cha mtengo, run yotero muziiwerenga kuti yadya reagent kwambiri kuposa ya masiku onse.

Nachisale_Jozi
Eee ndi ma sponji omwewo achimwene. Koma ndingadziwe bwanji kuti absolute wafooka asanawononge tissue? Pa maso amaoneka bwinobwino.

Malume_Histo
Hydrometer, chida choyezera mphamvu ya alcohol, ndipo siyodula. Koma onani temperature yolembedwa pa chidacho, zambiri ndi 20°C, nanga kuzizira kwa Joni mu June uku alcohol wa m'storeroom akhoza kukupatsani reading yonama. Njira ina yakale yomwe tinkachita kumudzi, tengani pang'ono absolute womaliza muthire mu xylene watsopano mu test tube, akachita mbuu muli madzi. Copper sulphate wouma woyera uja naye amasanduka buluu akakumana ndi madzi. Zonse muzilemba pa log, a SANAS, bungwe lovomereza ma lab kuno ku Joni, akabwera ndi malamulo awo a ISO 15189 amafuna pepala osati pakamwa.

MaiBanda_Randburg
Ndiwonjezere ziwiri zomwe anthu amaiwala. Formalin wathu wa 10% buffered ali ndi mchere wa phosphate, akakumana ndi alcohol wopitirira 70% mchere uja umagwa nkukhala zoyerayera m'mapaipi ndi pa sensor, machine nkuyamba kulira ma error usiku. Nde alcohol woyamba asapitirire 70%, ndipo ma station a formalin muzichita flush ndi madzi ofunda. Chachiwiri wax womaliza mununkhize, ngati akumveka xylene block imafewa ngakhale dehydration inali bwino, mawa lake mupeza tissue yalowa mkati. Xylene ndi alcohol a cleaning cycle asakhudzane ndi a processing, ndinaonapo kwina akubwezera wa cleaning m'botolo la processing ati kusunga ndalama, zinthu zake zinali zomvetsa chisoni.

Komanso breast yanuyo funsani odula, chidutswa chikaposa 3 kapena 4 mm mu cassette ngakhale reagent akhale watsopano bwanji pakati sipalowa.

Nachisale_Jozi
Zikomo kwambiri mai ndi malume. Nanga ma block ofewa ndili nawo kalewa ndiwatani?

MaiBanda_Randburg
Uzani pathologist kaye musanawagwire, makamaka ngati akufuna immuno (ma stain ogwiritsa ma antibody). Akavomera sungunulani wax, mubwerere m'mbuyo xylene kenako alcohol, ndiye muyambirenso ndi ma reagent atsopano. Ma biopsy ang'onoang'ono musawaike pa program yaitali pamodzi ndi breast, auma gwa osadulikanso.