Minda yokwiririka ndi mchenga: tiilembe ngati nkhalango kapena ayi?

Mlangizi wa zankhalango, Nsanje:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kudera langa kuli minda yomwe inakwiririka ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, eni ake anasiya kulima, ndipo pano pamera tchire ndi timitengo ta minga. Pa fomu ya malo owonongeka amene abwezeretsedwa, kodi ndiilembe ngati nkhalango?

Mlangizi wa zaulimi, Chikwawa:
Bambo, musafulumire. Muyeso wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, umati nkhalango ikhale yoposa theka la hekitala, mitengo yake ikhale yotha kufika mamita 5, nthambi ziphimbe magawo oposa 10 pa 100 alionse a malowo, komanso malowo asakhale aulimi. Funsani kaye eni minda ndi amfumu, chifukwa ngati akufuna kudzalimanso, umenewo ndi munda wogonera. Ngakhale munda wodzaza ndi nsangu timaulemba kuti munda ngati pansi pake pali mapira.

Mlangizi wa zankhalango, Nsanje:
Zikomo mayi. Koma mahekitala ochepawa angasokoneze chiyani pa malonjezo a dziko lonse?

Woyang'anira zachilengedwe, Chikwawa:
Angasokoneze ndithu, bambo. Mu 2021 Malawi analonjeza kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi magawo 51 pa 100 alionse poyerekeza ndi momwe ukanachulukira, magawo 6 ndi mphamvu zathu, 45 ngati thandizo lakunja lipezeka. Palinso lonjezo lobwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo ndi nkhalango zowonongeka pofika 2030. Malipoti a malonjezo otere amayambira pa mafomu athuwa. Mukalemba kuti munda wasanduka nkhalango, owerengera amatsata ndondomeko ya 2006 ya IPCC, gulu la akatswiri a United Nations pa za kusintha kwa nyengo, nayamba kuwerengera malowo mpweya wa kaboni umene mitengo ikuyamwa, ndipo amawasunga m'gulu la malo osinthidwa kukhala nkhalango kwa zaka 20. Mwini wake akadzabwera ndi khasu chaka chamawa, zidzaoneka ngati nkhalango yadulidwa, pomwe nkhalangoyo kunalibe. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa zimachotsa chikhulupiriro ngakhale pa ntchito yeniyeni ya midzi yomwe ikusamalira mphukira za tsanya.

Mlangizi wa zaulimi, Chikwawa:
Ndiwonjezere kuti pomwe mchenga ndi wochuluka kwambiri moti mwini wake wanena yekha kuti wasamukiratu, mulembe ngati malo a udzu ndi tchire kufikira mitengo itaonetsa kuti ikukula.

Mlangizi wa zankhalango, Nsanje:
Ndamva. Ndiyenda ndi amfumu munda ndi munda, nditenge malire ndi GPS pamodzi ndi zithunzi, ndipo ndigawe mindayo pawiri monga mwanenera. Fomu ndiitumiza ndikamaliza zimenezi.