App yeniyeni mumaipeza bwanji: Play Store, Google kapena Xender?

Wa ku Chilomoni:
Abale, ndithandizeni nzeru. Pofuna app yatsopano pa Android, njira yodalirika ndi iti: kusaka mu Play Store, kulemba pa Google, kapena kulandira kwa mnzako pa Xender? Foni ndi itel ya RAM 2GB, bundle nayo ndi yoperewera.

Wokonza mafoni:
Achimwene, zimatengera ngati dzina la app mukulidziwa. Ngati mukulidziwa, sakani mu Play Store, koma musathamangire yomwe yabwera pamwamba. Kawirikawiri imakhala yolembedwa Sponsored, kutanthauza kuti eniake alipira kuti ioneke koyamba. Onani dzina la kampani pansi pa dzina la app: WhatsApp yeniyeni imalembedwa WhatsApp LLC, Facebook ndi ya Meta Platforms, Inc. Kenako onani chiwerengero cha anthu amene anaitsitsa, tsiku limene inakonzedwa komaliza, ndi ndemanga za nyenyezi imodzi kapena ziwiri. Mavuto enieni amalembedwa kumeneko.

Ngati mukungodziwa ntchito yake, Google imathandiza kuposa. Lembani ntchitoyo m'Chingerezi, monga "offline dictionary android", mupeze mayina awiri kapena atatu, ndiye mukawatsitse ku Play Store. Pa RAM 2GB sankhani ma app opepuka olembedwa Lite kapena Go, monga Facebook Lite.

Mayi wa ku Mzuzu:
Ndionjezepo pa za ndalama. App ya banki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba musaisake pongolemba dzina. Lowani pa webusayiti ya kampaniyo, mudine linki yawo yopita ku Play Store. Linki yobwera pa gulu la WhatsApp isiyeni ndithu. App ya ngongole ikapempha kuona manambala a m'foni mwanu kapena zithunzi, ikaneni. Google inaletsa zimenezi mu 2023.

Wokonza mafoni:
Zoona amayi. Za Xender nazo ndifotokoze. Siidya bundle, n'chifukwa chake anthu amaikonda, koma simudziwa komwe APK (fayilo yoikira app m'foni) imeneyo yachokera, ndipo nthawi zambiri imakana ndi uthenga wakuti "App not installed". Zifukwa zake zimakhala zitatu. Choyamba, mafoni ambiri a Android Go (Android yopepuka ya mafoni a RAM yochepa) ndi a 32-bit, ndiye fayilo ya mafoni a 64-bit, yolembedwa arm64-v8a, siilowa, pamafunika ya 32-bit, yolembedwa armeabi-v7a. Chachiwiri, kuyambira mu Ogasiti 2021 ma app atsopano a pa Play Store amabwera m'zidutswa zogwirizana ndi foni iliyonse, choncho mnzanu akakutumizirani chidutswa chimodzi sichikwanira. Chachitatu, ngati m'foni muli kale app yomweyo koma yokhala ndi siginecha (chidindo cha woipanga) yosiyana, yatsopanoyo imakanidwa mpaka mutachotsa yakaleyo. Mukakakamizika kulandira, Play Protect (chitetezo cha mu Play Store chofufuza ma app oipa) ikhale yoyatsa.

Wa ku Chipata:
Amene muli ndi Huawei zatsopano zopanda Google, yanu ndi AppGallery. Pa itel, Tecno ndi Infinix pamabwera Palm Store, koma poti Play Store ilipo, yambirani kumeneko. Bundle ya WhatsApp yokha siitsitsa app, ndiye gulani ya intaneti yonse kapena dikirani Wi-Fi. Mu Settings za Play Store ikaninso auto-update pa Wi-Fi yokha, apo ayi ma MB atha usiku muli mtulo.