Kodi mumalemba pati zakudya zikatha m'nyumba?

NaBanda wa ku Area 25:
Abale anga, ndithandizeni. Pakhomo pathu tilipo anthu 7, ndipo timagula zinthu kamodzi pamwezi malipiro akatuluka. Vuto ndi loti ine ndikagula mchere, bambo akunyumba nawonso amabwera ndi mchere, pomwe mafuta ophikira atha popanda wodziwa. Nyemba zomwe zinatsalira kuseri kwa ndowa ya ufa ndazipeza zitafumbwa. Ndalama imeneyi ikundiwawa. Pali apu yosadya bandulo yambiri yomwe ingatithandize?

Mayi a Tada:
Achemwali, yesani Google Keep. Ndi yaulere. Mumalemba mndandanda wokhala ndi timabokosi, kenako mumawonjezera imelo ya bambowo kuti nonse muziona chimodzimodzi. Wina akagula shuga n'kuchonga, shugayo amatsikira pansi. Mwezi wotsatira mumangochotsa zizindikiro zochongera m'timabokosimo, osalembanso. Mukhoza kulemba ngakhale netiweki palibe, koma mnzanuyo amaziona mukalumikiza intaneti. Ine ndili ndi mindandanda iwiri, wa zouma monga mpunga ndi usipa, ndi wa zapamsika.

Achimwene a ku Ndirande:
Ife tinangotsegula gulu la banja pa WhatsApp. Chikatha, wophika amajambula botolo lopanda kanthu n'kutumiza. Agogo amangojambula mawu.

Mayi a Tada:
Za nyembazo, foni siithamangitsa anankafumbwe. Lembani tsiku logula pachivindikiro cha ndowa, zakale zikhale kutsogolo, ndipo muzitseka bwino.

NaBanda wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri. Keep ndaika kale. Nanga mtsikana wathu wophika, yemwe ali ndi foni yamabatani, tizimulowetsa bwanji?