Gulu la banja: chinkhoswe cha Nabanda ndi za mankhwala ake a matenda a lupus

Lachiwiri madzulo

Amalume (Joni): Moni nonse kumudziko. Akuchimuna andiimbira dzulo. Akufuna chinkhoswe chikhale Loweruka lachiwiri la Okutobala, kwathu ku Ntcheu. Ndawauza kuti ndimve kaye kwa mbumba. Lankhulani.

Azakhali: Zikomo alamu, nkhani yabwino imeneyi. Ine ndaona chithunzi chimene mwana wayika pa status Lamlungu. Masaya adzaza, khungu lasalala. Wachira uyu! Ndiye ndimati ndalama ya mankhwala ija timasonkha mwezi ndi mwezi tiyambe kuyiponya ku chinkhoswe. Mbuzi zakwera mtengo kuno.

Mayi aang'ono (Area 25): Inenso ndimaganiza zomwezo koma ndimaopa kuyambitsa

Namwino wathu (Zomba): Azakhali, pepani ndikudulani. Masaya amenewo si kunenepa kwa mtendere ayi, ndi prednisolone. Amatupitsa nkhope, amapatsa njala, ena amawakweza shuga ndi BP. Ndipo mwa mankhwala onse amene akumwa, amenewa ndi oopsa kwambiri kuwasiya mwadzidzidzi. Munthu akawamwa nthawi yaitali thupi limachita ulesi kupanga ake achilengedwe ofanana nawo, ndiye ukangodula lero, mawa akhoza kukomoka. Dokotala yekha ndi amene amatsitsa, pang'onopang'ono.

Azakhali: Ndiye amwa mpaka liti? Chaka chatha tsopano.

Namwino wathu (Zomba): Lupus siichoka Azakhali. Imagona, imadzuka. Chitetezo cha m'thupi, chimene chimayenera kumenya majeremusi, chimatembenukira mwini wake: khungu, mfundo za mafupa, magazi, impso. Ntchito ya mankhwala ndi kuchigoneka. Panopa chagona chifukwa akumwa.

Achimwene (Mzuzu): Mwaiwala msanga bwanji mmene analili? Tsitsi kuthothoka, zilonda m'kamwa, zala osatha kugwira supuni m'mawa. Kachipatala kena kanamupatsa LA katatu, malungo osapezeka n'komwe. Tinadziwa dzina la matendawa titalipira tokha zoyeza magazi zija za ANA. Ine sindikufuna kubwererako.

Amalume (Joni): Ndifunseko. Piritsi lina lija, hydroxychloroquine, si chloroquine uja tinkamwa tili ana, woyabwa thupi lonse uja? Boma linamusiya kalekale, 1993, kubweretsa Fansidar. Abwerera bwanji?

Namwino wathu (Zomba): Ndi pachibale Amalume, mwakumbukira bwino 😄 Anamusiya chifukwa malungo anasiya kumumva. Ku lupus ntchito yake ndi ina, amaziziritsa matendawo kuti asamadzukedzuke. Ameneyu ndiye msana wa mankhwala ake onse, amamwa ngakhale akumva bwino. Chofunika ndi kumayezetsa maso, chifukwa pakapita zaka akhoza kukhudza maso. Ndipo asaganize kuti amuteteza ku malungo, neti agonebe.

Azakhali: Kuno kwabwera mneneri wina, anthu akuchira zenizeni. Ine ndimati tikamuonetse chisanafike chinkhoswe. Matenda oti m'magazi a mayi ake mulibe, a bambo ake mulibe, achokera kuti? Mwana atangopeza ntchito, kenako mwamuna. Anthu sagona.

Amayi: Alamu, kupemphera tipemphera, ndipo ine ndimagwada usiku uliwonse. Koma amene adzauze mwana wanga kuti ataye mapiritsi adzayambane ndi ine. Ndine ndinagona pansi m'wodi milungu iwiri monga gadiyani.

Azakhali: Sindinanene zotaya ine

Amayi: Ndamva. Ndangoneneratu.

Nabanda: Moni Amalume, moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Azakhali, chithunzi chija ndinajambula titatuluka m'tchalitchi, kenako ndinagona mpaka 5 koloko. Chimene chimandivuta kufotokoza ndi kutopa. Si kutopa kwa munthu wolima. Ndimadzuka ngati ndasenza matumba usiku wonse, koma pankhope palibe chooneka, ndiye anthu amati ndi ulesi. Za tsikulo sindikukana. Chimene ndikuopa ndi dzuwa la Okutobala. Ndikakhala padzuwa ola limodzi, mawa lake zotupa zofiira zija zimatuluka m'masaya ndi pamphuno, mfundo n'kuyamba kuwawa.

Mayi aang'ono (Area 25): Ayi mwana wanga, pepa. Ine sindimadziwa kuti dzuwanso limalowapo.

Achimwene (Mzuzu): Ndiye tenti ikhale ya onse osati ya alendo akuchimuna okha ngati pa chinkhoswe cha achemwali. Tenti ndilipira ine.

Amalume (Joni): Mwambo uyambe 2 koloko kapena titsitse?

Nabanda: Ikanakhala 3 koloko Amalume. Ndipo perekaniperekani ndikhale pampando, ndizingoimirira pamene pakufunika. MC amuuziretu, asamandivinitse nyimbo iliyonse.

Namwino wathu (Zomba): Mafuta oteteza ku dzuwa ndibweretsa ine, aja amadzola abale athu achialubino, a SPF 50. Ambulera akhalenso pafupi. Ndipo a kukhitchini, ndiwo zake muike padera, mchere wochepa. Mukudziwa mmene Azakhali amathirira mchere 😂

Azakhali: Iwe mwana iwe

Lachitatu m'mawa

Amalume (Joni): Usiku sindinagone bwino. Pali nkhani imene tikuizungulira. Akuchimuna tiwauza chiyani? Ine ndine nkhoswe. Mawa zikadzavuta adzandifunsa ine kuti munabisiranji.

Mayi aang'ono (Area 25): Achimwene, mukangonena kuti matenda a chitetezo cha m'thupi, kumudzi amva zina. Mawa lake mudzi wonse uziti ali pa ma ARV. Ena ayamba kale kunong'ona kuti masayawo ndi mimba.

Nabanda: Mwiniwake akudziwa kuyambira tsiku loyamba. Wandiperekeza kwa dokotala kawiri, ndipo tinakayezetsa limodzi HIV tonse tili bwino. Amene sakudziwa ndi apongozi.

Namwino wathu (Zomba): Mawu oti muwauze ndi osavuta. Si matenda opatsirana, sangapatsire mwamuna wake ngakhale kudyera mbale imodzi. Amagwira kwambiri akazi, mwa odwala 10 pafupifupi 9 ndi akazi, makamaka a msinkhu wobereka ngati iyeyu. Koma pali china chimene apongozi ayenera kumva kuchokera kwa akuluakulu, osati kwa mkamwana: za mwana asamuthamangitse. Kubereka akhoza kubereka, ambiri amabereka bwinobwino. Koma madokotala amafuna matendawa akhale atagona miyezi 6 asanatenge pakati, impso zili bwino, ndipo mankhwala ena amayenera kusinthidwa kaye chifukwa amavulaza mwana m'mimba. Zoti pakatha miyezi itatu ayambe kumuyang'ana pamimba, ayi.

Amayi: Apa ndiye pamene pamandidetsa nkhawa ine. Mlamu wanga wina anabwezedwa kwawo chifukwa cha zomwezi.

Azakhali: Zimenezo ndiye ndilankhula ndine ndi mayi a mnyamatayo, azimayi tokhatokha. Alamu inu mulankhule ndi nkhoswe mnzanu. Koma namwinoyu abwere nane, ine mayina a mapiritsiwa andipota lilime.

Amalume (Joni): Mwandipeputsa alamu. Tsopano ndalama. Thumba la mankhwala silikhudzidwa, likhale ngati fizi ya sukulu. Chinkhoswe chikhale ndi msonkhamsonkha wake. Ine ndiziika K40,000 pamwezi kudzera pa Mukuru monga kale, ya chinkhoswe ndinena ndikalandira.

Achimwene (Mzuzu): Ine K20,000. Koma tisinthe kasungidwe. Ndalama zisamapite ku nambala zitatu, tikusokonezana. Zonse kwa Mayi aang'ono pa Airtel Money, iwo azilemba pano tsiku la 5 mwezi uliwonse: zalowa zingati, zatuluka zingati.

Mayi aang'ono (Area 25): Ndavomera, koma wotumiza aziwonjezera yotapira, mwezi watha inandidya ine.

Nabanda: Zimene zimadya ndalama kwambiri ndi thiransipoti ya ku Blantyre, kuyezetsa mkodzo ndi magazi, ndi mapiritsi ndikagula ku famase. Malisiti ndizijambula n'kuponya pano.

Namwino wathu (Zomba): Mkodzowo usamalumphe ngakhale ukumva bwino, impso zimawonongeka mwakachetechete. Ukaona mapazi atupa kapena mkodzo ukuchita thovu, usadikire tsiku la kiliniki. Chinanso kwa nonse amene mudzakhale naye ku Ntcheu: akatentha thupi, osamugulira bakitirimu kapena bufeni pa golosale. Bakitirimu amatha kudzutsa lupus, bufeni amalemetsa impso. Panado basi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lake, chifukwa mankhwala akewa amafooketsa chitetezo ndipo matenda ang'onoang'ono amakula msanga.

Amayi: Kiliniki yotsatira ndi Lachinayi la sabata yamawa. Ine miyendo yandivuta, ndani amuperekeze?

Achimwene (Mzuzu): Mlamu wathu watsopanoyo ayambe kuzolowera 😅

Nabanda: Wanena kale kuti apempha tchuthi. Ndikafunsanso dokotala ngati Okutobala ali bwino, Amalume musawayankhe akuchimuna mpaka Lachisanu.

Amalume (Joni): Chabwino, ndidikira Lachisanu.

Azakhali: Nanga nsalu ya banja tasankha mtundu wanji? Telala wanga akufuna adziwe msanga. Ya mkwatibwi ndimuuza asoke ya manja aatali, ndipo m'chiuno asiyemo malo, poti mwati mapiritsiwa akatsika thupi libwereranso.