Zimbale za kwaya zikukana pa deki, ndithandizeni

Wojambula wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndili pamoto. Loweruka ndinajambula kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, akufuna ma DVD 30 oti akagawane Lamlungu likubwerali. Ndabena asanu ndi CDBurnerXP, pulogalamu yobenera zimbale pa kompyuta. Pa laputopu yanga akuonetsa bwinobwino, koma amayi apampando ataika pa deki yawo, chimbale chikungozungulira, pa TV palibe chotuluka. Ndigule pulogalamu ina ya Nero, kapena zimbale zimene ndinagulazi n'zachabe?

Wa ku Zóbuè:
Achimwene, ndalama zanu zisungeni kaye. Tsegulani chimbalecho pa kompyuta, mutiuze zimene zilimo.

Wojambula wa ku Ulongwe:
Muli fayilo imodzi yokha, ya MP4.

Wa ku Zóbuè:
Vuto lagona pamenepo. Mwabena ngati mukuponya zinthu mu fulashi. Madeki akale ambiri MP4 saidziwa. Amafunafuna foda yotchedwa VIDEO_TS, yokhala ndi mafayilo a VOB, IFO ndi BUP, ndipo kanema wake akhale wa MPEG-2. CDBurnerXP sinalakwe, iyo imangolemba zomwe mwaipatsa. Pezani DVDStyler, pulogalamu yosinthira kanema kuti aonekere pa deki, ndi yaulere. Poyamba penipeni ikakufunsani mtundu wa kanema wa TV, sankhani PAL osati NTSC, chifukwa kuno ku Mozambique ndi ku Malawi timayendera PAL. Lowetsani MP4 yanuyo, ikani chithunzi cha amayiwo atavala yunifolomu pa menyu, adzakondwa. Pomaliza musabene nthawi yomweyo, iuzeni ipange fayilo ya ISO, yomwe ndi chimbale chonse chosungidwa m'fayilo imodzi pa kompyuta.

Mayi wa shopu ya fotokope ku Moatize:
Za ISO zo mumvere ndithu, achimwene. Kusintha kanema n'kumene kumadya nthawi, ndiye muchite kamodzi kokha, kenako ISO yomweyo muziibena kambirimbiri ndi ImgBurn. Nayonso ndi yaulere, kungoti poiika muziwerenga musanadine, ikakupatsani mapulogalamu ena owonjezera muwakane. Liwiro ikani 4x kapena 8x, ngakhale pachimbale alembapo 16x. Chongani pa Verify, kuti ikamaliza ione ngati chimbale chalembedwa bwino. Ine ndinathamangitsapo zimbale za ukwati wa munthu, zina zinkaima pakati penipeni, pa perekaniperekani. Ndinabweza ndalama, manyazi ake sindidzaiwala.

Kanemayo ndi wotalika bwanji? DVD imatenga 4.7 GB, mukapitirira maola awiri nkhope zimayamba kuoneka mbuu.

Wojambula wa ku Ulongwe:
Ola limodzi ndi mphindi 20, amayi.

Mkulu wa ku Furancungo:
Zikwana bwino zimenezo, mwana wanga. Pogula zina mufunse DVD-R, madeki akale amagwirizana nayo kuposa DVD+R. Batire ya laputopu ikhale yodzaza musanayambe, magetsi akathima pakati chimbale chapita. Polemba dzina gwiritsani maka yofewa, bolopeni imakanda. Wina akadzafuna nyimbo zokhazokha za m'galimoto, imeneyo ndi Audio CD, imalowa mphindi 80, ndipo CDBurnerXP yanu yomweyo imabena.

Wojambula wa ku Ulongwe:
Zatheka! DVDStyler inandidikiritsa mpaka nsima kuzizira, koma ndinapirira. Ndabena chimodzi pa 4x n'kuthamangira nacho pa njinga kwa amayi apampando. Menyu itangotuluka, iwo ali pakati pa anzawo ndi duku loyera, nthungululu inamveka mpaka kwa aneba. Taonera mpaka nyimbo yomaliza, osaima paliponse. Zikomo nonse. Zisanu zija ndipatsa amene ana awo ali ndi malaputopu, zotsala 29 ndiyamba usiku uno magetsi akadalipo.