Ndithandizeni za chiphaso chokumbira miyala ku Ngabu

Akuluakulu, zikomo nonse. Ndili kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, komwe kumapezeka miyala yobiriwira ija amati blue agate. Kumunda kwa malume anga imatuluka yokha madzi akakokolola nthaka, moti ana amaiponyera mbuzi. Ife anthu asanu tagwirizana zoti tikumbe mwalamulo n'kumagulitsa, osati zozembetsa kwa mavenda usiku.

Ndamva kuti chikhazikitsireni lamulo la migodi la 2023, ziphaso zikuyendetsedwa ndi bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority, komanso kuti pali mapu a pa intaneti oonetsa malo amene anthu ena anatenga kale. Apa m'pamene ndasokonezeka. Ndayang'ana mapuwo pa foni, dzuwa likuswa mtengo, bandulo inatha ndisanapeze ngakhale mudzi wathu. Kodi manambala a GPS a ngodya za malowo tingathe kutenga ndi foni wamba, kapena pakufunika munthu woyeza malo?

China, malowa ndi a makolo. Kalata ya a gulupu ikwanira, kapena mpaka kwa a T/A ndi kwa DC? Nanga tilembetse kaye ngati kopaletivi n'kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, kapena mmodzi wa ife angathe kupempha m'dzina lake? Za lipoti la zachilengedwe nazo zikundiopsa, poti thumba lathu ndi la thonje ndi chitowe basi.

Amene munadutsamo, kodi zimatheka zonse pa intaneti osakwera basi ya ku Lilongwe?